Lipoti Limene Ndinakana Kubweza

Chaka choyamba: Kasungu Boma

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntchisi mwazimva mpaka kutopa nazo, choncho pano sindibwereza. Ndiyambira tsiku limene ndinatsika basi pa Kasungu, mwana wanga Chisomo ndili naye kumsana, sutikesi ya malata ili pamutu. Malemu bambo anu anali atayamba kale kuphunzitsa mbiri pa sekondale ina kufupi ndi Boma, ndipo ine ndinawatsatira nditapeza ntchito yangayanga. Ulamuliro wa chipani chimodzi unali utangotha kumene, aliyense akulankhula za ufulu, ngakhale amene sankadziwa kuti ufuluwo akaupeza pati. Ntchito yanga inali yoyendera masitolo, zigayo, ndipo koposa zonse maesiteti a fodya, kuona ngati antchito akusungidwa monga mwa lamulo. Mu ofesi tinalimo anayi, mkazi ndinali ndekha. Bwana wathu anali a Kamwendo, bambo wamtali wa ku Dowa, wokonda tayi ngakhale mu Okutobala. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa mtima. Anali munthu wotopa.

Zosowa mu ofesimo zinkaposa zopezeka. Makina otayipira analipo amodzi, riboni yake tinkaidontheza mafuta kuti zilembo zioneke. Mapepala akatha tinkalemba kuseri kwa makalata akale. Galimoto ya ofesi inali itakhala pa miyala kuyambira ine ndisanabwere, ndipo nkhuku za mlonda zinkaikiramo mazira. Chifukwa chosowa galimoto, kayendedwe kathu kanali kotere: tinkalembera mwini esiteti kalata yomuuza tsiku limene tidzabwere, n'kumupempha kuti atitumizire galimoto yake. Tsikulo likafika pikapu inkabwera, ife n'kukwera kutsogolo ngati akwati. Tinkapeza pabwalo atasesa, tiyi wamkaka ali pa tebulo, matenanti angapo atakhala pa benchi atasamba bwino. Kwa inu zidzukulu zokulira m'tauni, tenanti ndi munthu wochokera kutali amene amapatsidwa munda pa esiteti kuti alime fodya. Mwini esiteti amamupatsa phoso la chimanga chaka chonse, ndipo phindu la thukuta lake amaliona pokhapokha fodya akagulitsidwa. Tinkawafunsa ngati pali vuto, iwo n'kuyankha kuti palibe, kapitawo ali chiimire kumbuyo kwawo. Pobwerera, kumbuyo kwa pikapu kunkakhala nkhuku yomanga miyendo.

Titabwera ku ulendo wachitatu ndinawafunsa a Kamwendo. "Bwana, munthu tamuuza tsiku, iye watitumizira galimoto, watiphikira tiyi. Ndiye ife tikukayendera chiyani?"

"Mayi Nabanda," anatero akukonza tayi, "mukufuna mupite wapansi? Maesiteti a ku Kaomba sali kuseri kwa msika. Inu lembani zimene mwaona."

"Nanga zimene sanandionetse?"

"Zimenezo simunazione."

Nkhukuzo ndinadya nawo, sindikubisirani, ndipo inunso a Chisomo munabwira msuzi wake. Kwa zaka ziwiri ndinasainira malipoti onena kuti zonse zili bwino.

Chaka chachitatu: buku la pa msika

Loweruka lina ndinagula matemba pa msika wa pa Boma, mayi wogulitsayo n'kundikulungira m'pepala long'amba m'buku. Nditafika kunyumba ndinaona kuti papepalapo pali chithunzi cha kamtsikana kachizungu, kopanda nsapato, kataima pakati pa makina aatali opota ulusi, nkhope yake ili ngati ya munthu wamkulu. Ndinadabwa, chifukwa ife tinakula tikudziwa kuti mwana wa mzungu ntchito yake ndi kudya ndi kupita kusukulu. Ndinasiya matemba pa tebulo n'kubwerera kumsika.

"Amayi, buku mwang'amba pepala ili mwalitenga kuti?"

"Anataya a kusukulu ina, akuti ndi mabuku a mphatso ochokera kunja, sagwirizana ndi mayeso athu. Bwanji, matemba anunkha inki?"

Ndinamupatsa mulu wa nyuzipepala zakale, iye n'kundipatsa chotsala cha bukulo. Chikuto panalibe. Masamba oyambirira anapita ndi matemba, omalizira anapita ndi usipa, ine ndinapata apakati okha.

Linali buku la mbiri ya dziko la Amerika, ndipo masamba anga ankanena za nthawi imene mafakitale a kumeneko anakula mofulumira kuposa malamulo. Njanji zinadutsa dziko lonse, mizinda inafufuma, anthu ochepa anagwira mafuta, zitsulo ndi njanji m'manja mwawo, ndipo akuluakulu a m'mizinda ambiri ankadya nawo limodzi. Osauka, ambiri a iwo obwera kuchokera kutali monga matenanti athu, ankathithikana m'nyumba zopanda mpweya, akugwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka mdima. Ana ankalowa m'mafakitale a thonje ndi m'migodi ya malasha, ena n'kusiya zala m'makina. Kenako bukulo linkanena za anthu amene anakana kuti zinthu zikhale choncho. Panali olemba nyuzipepala amene ankalowa m'malo ophera nyama ndi m'maofesi a anthu olemera n'kutulutsa zobisika. Panali amayi ophunzira amene anasiya nyumba zabwino n'kukakhala pakati pa osauka, n'kumalemba zimene akuona ndi maso awo. Panali antchito amene anagwirizana n'kumanyanyala, ndi amayi amene anati ifenso tivote, chifukwa malamulo okhudza ana athu akupangidwa ife tili kunja. Pang'onopang'ono anapeza malamulo a maola a ntchito, a chakudya chaukhondo, a sukulu kwa mwana aliyense, ndi a anthu oyendera mafakitale. Anthu a ntchito yangayi.

Koma chimene chinandikhazika pansi chinali china. Eni mafakitale ena ankadziteteza ponena kuti iwo sanalembe mwana ntchito, analemba bambo ake, mwanayo akungothandiza kholo lake. Ndipo woyendera akamabwera, uthenga unkatsogola, ana n'kubisidwa mpaka mlendoyo atachoka. Ndinawerenga ndimeyo kawiri, manyazi n'kundigwira, chifukwa kwathu kuno uthenga wotsogolawo ndinkautayipa ndine, ndi zala zangazi.

Masamba anga anathera pakati pa chiganizo, pamene lamulo loletsa ntchito za ana m'dziko lonselo linali litangopangidwa. Ndinawafunsa bambo anu kuti zinatha bwanji. Anaseka. "Iwe ukuganiza kuti anangoomba m'manja n'kupita kwawo? Khoti lalikulu linaligwetsa lamulolo. Anadikira zaka pafupifupi makumi awiri kuti apeze lina lokhazikika, ndipo ngakhale limenelo ana a m'minda linawalambalala. Anthu akuda ndiye ambiri mwa okonza zinthuwo sankawaona n'komwe." Ndinawayankha kuti ngati iwo ana a m'minda anawasiya, ife sitingawasiye, chifukwa fakitale yathu kuno ndi mundawo. Lolemba ndinapita nalo bukulo ku ofesi, likununkhabe matemba. A Kamwendo analitembenuza kawiri n'kundibwezera. Kuyambira tsiku limenelo anzanga anayamba kunditcha Mayi Amerika, ndipo ndikafunsa funso pa msonkhano wina ankati, "Dikirani, sitima ya ku Amerika yafika." Sindinkasamala. Dzina lachipongwe silinathyolepo munthu fupa.

Chaka chachisanu ndi chiwiri, mwezi wa Febuluwale: kwa a Chipeta

Nthawi imeneyi lamulo latsopano linali litabwera, loletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka khumi ndi zinayi. Kayendedwe kathu kokha ndi kamene sikanasinthe. Mwezi umenewo pikapu inatitenga kupita ku esiteti ya a Chipeta, cha ku Nkhamenya. A Chipeta anali bambo wonenepa, woseka kwambiri, wodziwika ndi anthu akuluakulu, ndipo tsikulo anawonjezera mwambo. Anasonkhanitsa ana a matenanti, atavala zochapa, kuti atiimbire nyimbo yolandira alendo, tione kuti ana a pa esiteti yawo ndi osangalala. Nyimbo itatha a Kamwendo analowa kukamwa tiyi. Ine ndinachita zimene mayi aliyense angachite, ndinayamba kuwapatsa anawo moni wa m'manja mmodzimmodzi. Dzanja loyamba linamata pa langa. Lachiwirinso. Ndinatembenuza chikhatho cha kamtsikana kena n'kuona utomoni wakuda wa fodya utalowa m'mizere ya dzanja ndi m'zikhadabo. Utomoni umenewo suchoka ndi kusamba kamodzi, ndipo sumugwira munthu amene amangodutsa m'mbali mwa munda. Nkhope anazitsuka, zovala anachapa, koma palibe anaganiza kuti mlendo wa boma angagwire dzanja la mwana wa tenanti. Ndinamufunsa dzina kamtsikanako, n'kundiuza kuti ndi Esinati. Nkhuku ya tsiku limenelo ndinampatsa dalaivala.

Patapita masiku anayi ndinauza a Kamwendo kuti ndikupita kuchipatala. Ndinakweza njinga yanga pamwamba pa minibasi, n'kutsika pa Nkhamenya dzuwa likungotuluka, n'kupalasa m'matope. Ndinalowera njira ya kudambo, osati ya ku geti. Mame anali asanakamuke, ndipo m'mizere ya fodya munali ana, ena mitu yawo yosaoneka n'komwe pakati pa masamba, akuthyola n'kumapanira masambawo m'khwapa. M'zigafa, mashedi aja oyanikamo fodya, munali enanso atakhala pansi akusoka masamba. Atandiona anandipatsa moni mwaulemu, poti masiku anayi okha apitawo anandiimbira nyimbo.

Esinati ndinamupeza kumapeto kwa munda, atagwada, akusanza, mayi ake atamugwira pamphumi. Fodya wonyowa amalowa m'thupi kudzera pakhungu, ndipo mwana amamva chizungulire ndi mutu ngati waledzera. Tinamunyamula mpaka kunyumba kwawo, kakhumbi kaudzu pakati pa timakhumbi tina. Mayiyo anandiyalira mphasa, ine n'kutsamiritsa njinga pa khoma n'kukhala. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Kwathu kuno munthu akakuyalira mphasa sukana, ndipo sindinaganize n'komwe kuti njinga yachikazi yobiriwira, yokhala ndi dengu kutsogolo, pa esiteti yonseyo panalibe ina.

Bambo a Esinati, a Namakhwa, anabwera kuchokera kumunda. Anali munthu wa ku Phalombe, wamfupi, wolankhula motsitsa. Ndinawafunsa zaka za mwanayo, anati khumi ndi chimodzi. Ndinafunsa za sukulu.

"Amapita, amayi. Fodya akatha amapita."

"Nanga bwanji osamusiya apite panopa, inu awiri n'kumathyola?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za mwana. "Munda umenewu anthu awiri sangauthe. A kapitawo atabwera kwathu kudzatenga anthu, funso loyamba linali lakuti uli ndi ana angati otha kugwira khasu. Wa ana ambiri ndiye ankakwera lole, ndipo munda amakuyezera molingana ndi manja a pakhomo pako. Ine ndinatchula atatu. Ndikanati ndilibe, bwenzi ndili ku Phalombe."

Ndinalemba mawu amenewo m'kope langa, ndipo ndinawalonjeza kuti dzina lawo silidzaoneka paliponse. Tili pomwepo kapitawo anadutsa panjira. Sanaime. Anangoyang'ana njinga ija, n'kutipatsa moni, n'kupitirira.

Mwezi wa Malichi, chaka chomwecho

Lipoti ndinalilemba masiku awiri. Sindinatchule dzina la tenanti aliyense. Ndinalemba zimene ndinaona m'minda ndi m'zigafa, ndipo ndinatsindika chinthu chimodzi, kuti amene amayeza munda powerenga ana a munthu ndiye walemba anawo ntchito, ngakhale mayina awo asawadziwe. Nzeru imeneyo ndinaitola m'buku la matemba lija. A Kamwendo analiwerenga ataima, kenako anakhala pansi.

"Munati mukupita kuchipatala."

"Ndinapeza odwala, bwana."

"Mayi Nabanda, kuno si ku Amerika. Mukudziwa anthu amene amadya pa tebulo la a Chipeta? Lipoti ili likhale m'dirowa, tilione bwino."

Dirowa imeneyo ndinkaidziwa, zolowamo sizinkatuluka. Ndinawauza mosabisa kuti kope lina ndatumiza kale kulikulu pa positi m'mawa womwewo, dzina langa lokha lili pansi. Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Walira mvula walira matope," anatero, n'kutuluka.

Matopewo anafika patatha milungu iwiri. Ndikufika ku ntchito m'mawa, ndinapeza a Namakhwa, akazi awo, Esinati ndi ang'ono ake atakhala pakhonde la ofesi, mitolo ya zovala ndi mapoto ili pambali. Kalata yochokera kulikulu inali itafika kwa a Chipeta yofunsa za lipoti langa, ndipo kapitawo sanavutike kukumbuka pamene panatsamira njinga. Anawakweza pikapu n'kudzawatula pa msewu waukulu, akuti apite kwa mayi wawo wa boma akawapatse munda. Fodya wawo theka anali m'chigafa, theka m'munda. Tenanti akachotsedwa fodya asanagulitsidwe, chaka chonse chapita. Ndinawatengera kunyumba kwathu. Chisomo, mwina ukukumbuka alendo amene anagona m'khitchini masiku asanu, iwe n'kumadandaula kuti phala lachepa.

Tsiku lachitatu a Chipeta anabwera okha ku ofesi, akuseka monga mwa masiku onse. Tinakhala atatu, iwo, a Kamwendo ndi ine.

"Yayi mama," anatero, "ine mwana sindinalembepo ntchito. Ndinapangana ndi wiske, bambo wake. Akatenga ana ake kumunda, ine ndimuletse? Inunso simunapalireko kwa makolo anu?"

"Ndinapalira m'munda wa chimanga chimene tinkadya ife eni, bambo. Ndipo ndinkapalira ndikaweruka kusukulu."

Anaseka kwambiri, n'kutembenukira kwa a Kamwendo. "Mama uyu ngwakusuzga chomene, ngovuta kwambiri. Koma ine sindine munthu wa nkhondo. Alembe kalata yaifupi kulikulu, anene kuti anaona molakwa, anawo ankangoperekera makolo chakudya kumunda. Akasaina, Namakhwa akwera pikapu yanga lero lomwe, akamalize fodya wake, agulitse ngati anzake. Akapanda kusaina, munda ndapereka kwa wina."

Atachoka, a Kamwendo anandilankhula mofatsa, ndipo ndikhulupirira ankandifunira zabwino. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi. Banja ili mutha kulipulumutsa lero ndi siginecha imodzi. Za lipoti lanu, simukudziwa ngati kulikulu adzachitepo kanthu. Musawaphe anthuwa ndi njala chifukwa cha buku la azungu."

Apa ndinagwira njakata, ndipo sindinagwirepo ina yotere pa zaka zonse za ntchito yanga. Ndinapita kunyumba masana omwewo n'kuwafotokozera a Namakhwa ndi akazi awo zonse, titakhala pansi pa mango uja wa kuseri. Sindinachotsepo kapena kuwonjezera.

A Namakhwa anagwada, bambo wamkulu kuposa ine. "Amayi, lembani kalatayo. Ndagwira kuyambira ku nazale, miyezi yonseyi, ndikudya phoso ndi masamba a maungu. Ndinawauza abale anga kuti ndikabwera ndi malata. Bodza limodzi silipha munthu. Munati dzina langa silioneka, koma taonani pamene ndili."

Mawu omalizawo anandilasa, chifukwa anali oona. Ndinafunsa mayi a Esinati maganizo awo. Anakanda pansi ndi kamtengo, kenako analankhula kwa amuna awo, osati kwa ine.

"Tikabwerera, wothyola fodya wotsalayo ndani? Ine ndi inu sitimaliza. Esinati alowanso."

"Alowe milungu itatu basi," anatero a Namakhwa.

Mayiyo sananene kuti ndilembe, sananenenso kuti ndisalembe, choncho sindingabisale kumbuyo kwawo. Chisankho chinali changa.

Ndinaganiza za manja onse amene anamata pa dzanja langa tsiku la nyimbo. Ndikanasaina, ndikanalemba ndi dzina langa kuti ana amenewo kulibe. Ndipo mwini esiteti aliyense kuyambira ku Kaomba mpaka ku Nkhamenya akanaphunzira mankhwala a lipoti: thamangitsa banja limodzi, woyendera abweza yekha mawu ake. Pambuyo pake tenanti aliyense wolankhula ndi ife akanakhala chikole. Mtima unkandiwawa, ndinkachita mantha, komanso ndinali wokwiya kwambiri, chifukwa munthu amene anathamangitsa banjalo anakonza zinthu kuti wankhanza ndioneke ine. M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya a Kamwendo n'kuwauza kuti sindisaina, ndipo ndinatayipa lipoti lachiwiri lonena za kuchotsedwa kwa banja la a Namakhwa ndi zimene a Chipeta anandipempha, mawu ndi mawu.

Masiku onsewo ndinayesa zonse kuti fodya wawo awabwezere. Ndinapita kupolisi, anati ndi nkhani ya mgwirizano wa anthu awiri. Ndinafunsa za khoti, anati pepala la mgwirizano lili kuti, pamene anapangana pakamwa pansi pa mtengo ku Phalombe. Ndinayenda maesiteti atatu kuwapemphera malo, koma mbiri inali itafika kale. Tsiku lachisanu ine ndi bambo anu tinawaperekeza ku depoti, tinawakweza basi ndi thumba la chimanga chathu. Mayi a Esinati anandigwira dzanja ndi manja awiri. Nditatambasula dzanja kwa a Namakhwa, iwo anaika awo kumbuyo.

"Ine ndasiya fodya wa chaka chonse m'chigafa," anatero motsitsa monga ankalankhulira. "Inu mwasiya chiyani, amayi?"

Basi inanyamuka.

Lero

Za kulikulu zinayenda mwa kachitidwe kake. Patapita miyezi anabwera anthu atatu, pa galimoto yawoyawo, osalemba kalata. A Chipeta sanamangidwe, anangochenjezedwa. Koma nyengo yotsatira pa esitetipo anamanga kashedi kophunziriramo ana, minda ya matenanti anaichepetsa, ndipo maesiteti oyandikana nawo, poopa njinga yobiriwira, anayamba kutulutsa ana m'minda nthawi ya sukulu, ena moona, ena mwachiphamaso. Zimenezi ndinazimva kwa anzanga, chifukwa ine ndinali nditalandira kale kalata yondisamutsira kuchigwa cha Shire, akuti kumeneko kukufunika munthu wakhama. Zaka zitatu ndinakhala kutali ndi bambo anu, inu mukukulira m'mabasi. Koma musayerekeze zimenezo ndi za a Namakhwa. Ine ndinapita pa lole ya boma, mipando yanga ili pamwamba, ntchito ili m'manja.

Tsopano ndinapuma, ndinabwerera ku Kasungu, ndipo ndikumva kuti lamulo linathetsa utenanti. Ndikakwera minibasi mwezi wa Febuluwale ndimayang'anabe m'mizere ya fodya, ndipo sindinganene kuti ana sindiwaona. Achinyamata a ntchito yanga yakale akabwera kudzandiona amadandaula kuti galimoto ilibe mafuta. Ndimawauza kuti anthu aja a ku Amerika malamulo awo sanawatole panjira, anagwetsedwa kukhoti, ananyozedwa, ena anachotsedwa ntchito, ndipo ambiri anamwalira asanaone mapeto. Chimene masamba anga a bukulo sananene n'chakuti pa lamulo lililonse lotere pamakhala wosauka wina amene amalipira ndi chakudya cha ana ake, asanafunsidwe. Wanga anali a Namakhwa.

Ku Phalombe ndinalembako makalata awiri kudzera ku mpingo wa kumudzi kwawo, osayankhidwa. Sindikudziwa ngati Esinati anabwerera kusukulu, kapena nyengo yotsatira anakwera lole ina kupita ku esiteti ina. Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti lero ndi namwino, koma sindinazolowere kulemba zimene sindinaone.

Choncho ndikukutumani, poti miyendo yanga yatha. Wina wa inu akadzafika ku Phalombe, akafunse banja la a Namakhwa amene anakalima fodya ku Nkhamenya. Ngati bamboyo ali moyo, mukamuuze kuti Nabanda funso lija akulikumbukabe, ndipo akudziwa chimene anawalanda. Mukapepese chifukwa cha njinga imene ndinaitsamiritsa pa khoma lawo, chifukwa kumeneko kunali kupusa kwanga. Koma za kalata imene ndinakana kusaina musakapepese. Lingakhale bodza, ndipo akanati andibweretserenso lero pa tebulo lino, sindikanasaina.